Nsadzu Akakuitana, Usamuyankhe

"Tinenenji, kamerayo uyambe waiika pansi. Ndikufuna maso ako kuno."

A Nangondo ananena mawuwa ataima pachipata cha nkhalango ya Dzalamombo, m'mawa dzuwa lisanayambe kuluma. Ntchito yawo inali yoperekeza alendo odzaona mbalame ndi kujambula nyama, ndipo m'nkhalango monsemo munalibe kanjira komwe phazi lawo linali lisanapondepo. Tinenenji anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Sukulu inali yotseka, ndiye anawachonderera mpaka anamulola kuti tsikulo alowe nawo.

"Mbalame zonse za muno uziyang'ane mmene ungafunire," anatero mayiwo. "Koma ilipo imodzi yomwe sindikufuna ucheze nayo. Nsadzu. Ndi kambalame kotuwa, kopanda chokongola chilichonse kupatula nthenga zoyera kumchira. Ukamva kakulongolola mumtengo ngati munthu akugwedeza bokosi la machesi, udziwe kuti kakukuitana. Usakaimbire mluzu. Usakayankhe. Usakatsate."

"Ndamva, amayi."

"Wamva ndi makutu kapena ndi pakamwa?"

"Ndi makutu."

"Nsadzu sadziwa njira ya anthu, amadziwa ya uchi basi. Akuluakulu odziwa kufula njuchi amamutsata ali awiri kapena atatu, moto ndi nkhwangwa zili m'manja, ndipo akafula amamusiyira chisa chake pamwala. Ukamumana chisacho, ulendo wotsatira sakutengeranso ku njuchi. Komanso masiku ano muno muli njati yomwe inakodwa mu waya wa anthu opha nyama mozemba. Wayayo inamudula, koma chidutswa chinatsalira m'mwendo. Agemu akhala akuifunafuna, sanaipeze. Njati yovulala siona kuti uyu ndi mwana."

Tinenenji anagwedeza mutu, koma dzanja lake linali litabwerera kale pa kamera.

"Ndipo chimenecho," a Nangondo analoza kamerayo, "diso likalowa mmenemo, mapazi aime. Galasi limakuonetsa zakutali n'kukubisira zapafupi. Njira yathu ndi ya mitengo yopakidwa penti yoyera. Ukasiya kuona penti, wasochera."

Tsono ananu, Tinenenji sanali mwana woipa mtima ayi. Mbale ankatsuka osadikira kuuzidwa, kusukulu ankakhoza. Vuto lake linali loti "ndamva" wake ankatuluka msanga, mawu asanafike n'komwe m'mutu. Komanso anali ndi maso akuthwa, ndipo iye mwini ankadziwa kuti ndi akuthwa. Kudziwako n'komwe kunamupweteketsa.

Mlendo wa tsikulo anali a Makwinja, bambo wa imvi ndi kamimba, wochokera ku Limbe. Chipumireni pantchito, moyo wawo unali wojambula mbalame, ndipo kamera yawo inali ndi mphuno yaitali ngati munsi. Dzulo lake Tinenenji anali atawalozera kadzidzi atabisala m'masamba pafupi ndi nyumba za alendo, iwo atamudutsa osamuona. Anakondwa kwambiri mpaka anamubwereka kamera yawo yaing'ono kuti ayeserepo kujambula.

Ankayenda anayi. Kutsogolo a Nangondo, kenako a Makwinja ndi Tinenenji, kumbuyo a Juwawo, msilikali wa gemu, mfuti ili paphewa. Chinali chilimwe, mitengo ya mombo itaphuka masamba ofiira, pansi pali masamba ouma okhaokha oti ukaponda mosasamala nkhalango yonse imamva. Kuona mbalame si kuyenda kwa kumsika. Umaponda kamodzi, n'kuima. Umamvetsera. A Nangondo ankangokweza chala, onse n'kuuma pomwepo, kenako ankanong'ona dzina la mbalame isanaoneke n'komwe: gogomole uyo, pumbwa uyo, nkhwali izo zili kuseri kwa mwala.

Akupuma pamthunzi, a Makwinja anapukuta thukuta n'kuusa moyo.

"Mayi, nsadzu mwamutchula pachipata uja, ine zaka zonsezi ndimangomumva. Ndajambula mbalame zamitundumitundu, koma ameneyo wandikana. Munthu atandijambulira chithunzi chake chabwino, ndingachiike m'buku langa, dzina la wojambulayo lili pansi pake."

Ankangocheza bamboyo, sankatuma munthu. Koma mawu amenewo Tinenenji sanawamve ndi pakamwa ayi. Anawamva ndi makutu onse awiri, n'kuwasunga mumtima.

A Nangondo anamuyang'ana mwana wawo ndi diso la pambali. "Iwe, ndakuona. Ndinati chiyani pachipata?"

"Ndisamuyankhe."

"Ndipo?"

"Ndisamutsate."

Dzuwa litakwera anafika pa kanyumba kaudzu komangidwa pafupi ndi dziwe, momwe ojambula amabisalamo kudikira mbalame zodzamwa madzi. Analowa, n'kukhala pabenchi, aliyense diso pa kampata kake. Anadikira. Kunabwera njiwa, zinamwa, zinapita. Anadikirabe. A Makwinja ankafuna nkhulukulu, mbalame ya mapiko ofiira ija, ndipo ankaoneka kuti angathe kuidikira mpaka imvi zina zitamera. Tinenenji anayamba kutakataka pabenchi, miyendo ikumuyabwa.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anamunong'oneza a Makwinja, osachotsa diso pa kamera.

Iye za nkhono analibe nazo ntchito. Anawakoka amayi ake malaya n'kunong'ona kuti akufuna akadzithandize.

"Kuseri kwa mtengo waukulu uwo, osapitirira," anatero a Nangondo. "Ukatha ubwere pompano. Ukamva chilichonse chikukuitana, si ine."

"Ndamva."

Nthawi yomweyo nkhulukulu inatera panthambi ya patsidya pa dziwe, akuluakulu onse n'kutembenukira komweko. Palibe anaona kuti kamera yaing'ono ija yatuluka nawo, italendewera m'khosi mwa mwana.

Atangomaliza kuseri kwa mtengo kuja, anamva. Bokosi la machesi likugwedezeka, pamwamba penipeni pa mutu wake. Anakweza maso, ndipo kanali pomwepo, kotuwa, kosaoneka bwino, kakuvinitsa mchira wa nthenga zoyera, kakumuyang'ana iyeyo.

Mwana akafuna kulakwa amasanduka loya. Tinenenji anayamba kudziweruzira mlandu mumtima: amayi anati ndisayankhe, sanati ndisajambule. Anakweza kamera. Koma asanadine, kambalame kanauluka n'kukatera pamtengo wina, patsogolo pang'ono. Anasendera. Mtengo wa penti unali ukuonekabe kumbuyo kwake, ndiye panalibe cholakwika, anatero mumtima. Anakwezanso kamera, koma nsadzu anali atamufulatira, akungomuonetsa mchira. Chithunzi cha mchira ndani angachiike m'buku? Ankangofuna kuti kacheuke basi, kamodzi kokha. Anasongola milomo n'kuimba kamluzu kakang'ono.

Nsadzu anacheuka. Ndipo kulira kwake kunasintha, kunakhala kwachangu, kwachimwemwe, kwa munthu yemwe wapeza mnzake wa paulendo. Anauluka motsika, mchira utatambasuka, n'kukadikira patsogolo.

Mtengo uwu, mtengo uwo. Akakweza kamera, kambalame kauluka. Akatsitsa, kakumudikira. Akaima n'kuganiza zobwerera, kankabwerera n'kudzamulongololera pafupi mpaka ayambenso kuyenda. Anawoloka kamtsinje kouma, anakwera kachitunda ka miyala, anatsikira kuseri kwake. Nthawi zonsezi ankadziuza kuti mtengo wotsatirawo ndi womaliza.

Kenako nsadzu anakhala chete. Anatera panthambi n'kungokhala duu, akuyang'ana pansi.

Pansipo panali chimtengo chakugwa, champhako, chitang'ambidwa pamimba. Chiuli, kanyama kaukali kokonda uchi kaja, chinali chitafika kale n'kuphwasula njuchi, ndipo khamu lonse la njuchizo linali litasamuka, kungotsala zochepa zikuzungulira mosowa chochita. Pamasamba panali zidutswa za zisa zili mbwee, zina zikuchucha uchi wofiirira. Fungo lake lokha linali lodzaza malovu m'kamwa.

Tinenenji anatola kachidutswa n'kulawa. Uchi wa m'nkhalango, ananu, si wa m'botolo uja. Anatola china. Anatolanso china, uchi ukuyenderera m'zigongono ndi pachibwano. Atakhuta anatulutsa jumbo yomwe munali zitumbuwa zake za m'mawa n'kuyamba kulongedzamo zotsalazo. Ankati akawapatse a Makwinja, ndipo mwina amayi akalawa mkwiyo wawo uchepa.

Panatsala chisa chimodzi chokha, chonona, chili pakhungwa la mtengo. Anakweza maso. Nsadzu anali pomwe paja, akumuyang'ana, osalira. Mawu a pachipata anamubwerera bwinobwino, sanganame kuti anaiwala: akafula amamusiyira chisa chake pamwala. Anachiyang'ana chisacho, anayang'ana mbalame.

"Iwe ndi kakang'ono, ungamalize chonsechi?" anatero. "Ukanyambite pamasambapo."

Anachiponya mu jumbo n'kumanga. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ataimirira kuti azibwerera, m'pamene anazindikira kuti sakudziwa komwe kuli kubwerera. Anayang'ana kumanja, mitengo ya masamba ofiira. Kumanzere, yomweyonso. Penti yoyera panalibe paliponse. Kachitunda ka miyala kaja tsopano kanali tiwiri, kena uku kena uko, tofanana. Anayang'ana pansi kuti aone mapazi ake, koma masamba ouma sasunga phazi la mwana. Dzuwa linali pamutu penipeni, losalozera kulikonse.



"Amayi," anaitana, koma motsitsa, poti ankaopabe kukalipiridwa. Zinamuyankha ndi nyenje zokha, zikulira mbali zonse mpaka m'makutu kuwawa. Anaitananso mokwezako pang'ono. Kutali kunathyoka kanthambi, ndipo anatseka pakamwa ndi dzanja lomata uchi, atakumbukira kuti m'nkhalangomo si amayi ake okha omwe ali ndi makutu.

Pamenepo bokosi la machesi linayambanso kugwedezeka.

Akanakhala pansi pomwepo n'kudikira, bwenzi nkhaniyi ili yoseketsa, yomukumbutsa paukwati wake. Amayi ake anali atayamba kale kumulondola, ndipo mwana wokhala malo amodzi savuta kupeza. Koma mantha ndi mlangizi woipa. Anaganiza kuti mbalame yomwe yamubweretsa ingathenso kumubweza. Komanso atayang'ana zithunzi zomwe anajambula, anapeza masamba okhaokha, nthambi, ndi kamchira kosaoneka bwino. Kubwerera atalakwa kale, chimanjamanja, wopanda chithunzi? Anaimbanso mluzu.

Ulendo uno nsadzu sanavute. Ankauluka pafupipafupi, motsika, n'kumatera poyera, chifuwa chili kwa iye, ngati akuti jambula tsono. Tinenenji anaika diso mu kamera. Kambalame kanadzaza galasi lonse, diso lake, mlomo wake, nthenga iliyonse payokha. Kanali pafupi kukwanira bwino, kungofunika phazi limodzi kutsogolo. Anaponda. Kanasendera. Anapondanso. Diso lili mu kamera, mapazi akuyenda.

Sanaone kuti nthaka yayamba kutsetsereka. Sanaone kuti mitengo ya mombo yatha, kwayamba nsungwi zothithikana za m'khwawa. Anamva kuti pansi pafewa, nsapato zikumata m'matope, koma sanayang'ane. Anamva fungo ngati la khola la ng'ombe, losakanikirana ndi lina la chinthu chowola, ndipo ntchentche zobiriwira zinayamba kumutera pamanja. Anati ndi uchi ukuziitana. Nyenje zinali zitasiya kulira, iye osazindikira kuti zasiya liti.

Nsadzu anatera pa kanthambi kotsika, m'kuwala kwabwino, n'kukhala chete ngati poyamba paja. Kumbuyo kwake, mu galasimo, kunkaoneka chinthu chakuda chosaoneka bwino, chachikulu, chonga chulu chopsa ndi moto wa tchire. Tinenenji anakondwa. Mbalame yotuwa kutsogolo, mdima kumbuyo, chithunzi chokongola chomwe a Makwinja sanachionepo. Anagwira mpweya kuti dzanja lisagwedere.

Chulu chija chinagwedeza khutu.

Anatsitsa kamera pang'onopang'ono. Chinthucho sichinali kutali ayi, komanso sichinali chulu. Njati inali itagona m'matope, pamtunda woti ukaponya chitsononkho chikaigunda pamphumi. Nyanga zake zinakumana pakati pa mutu ngati mtondo wovundikira. Mwendo wakumbuyo unali utatupa, waya atalowa m'mnofu, ntchentche zili wirawira pabalapo. Inakweza mphuno yonyowa n'kumununkhiza. Maso ake anali ofiira, otopa ndi ululu, ndipo anali pa iye.

Nsadzu anauluka osalira, n'kupita.

Njati inayamba kudzuka, kumbuyo koyamba, matope akuyoyoka m'nthiti. Tinenenji anangoima pomwepo, akuiyang'ana. Itaponda pansi ndi mwendo wabalawo inabuula, kubuula kochokera pansi pa mimba, ndipo kubuulako n'komwe kunamumasula. Anatembenuka. Pafupi panali mtengo umodzi wokha wokwereka, wopindika, wosanenepa kuposa ntchafu ya munthu wamkulu. Anaulumphira. Manja a uchi anaterereka pakhungwa, anagwa, anaulumphiranso, anakola nthambi ndi chigongono, n'kudzikoka. Chingwe cha kamera chinakodwa pakanthambi n'kuduka. Anamva pansi pakugunda, kenako mtengo wonse unagwedezeka ngati wagundidwa ndi lole.

Anakumbatira thunthu ndi manja ndi miyendo, pamphanda yomwe inali pamwamba pang'ono chabe pa nyanga. Pansi pake njati inaponda kamera ija, kamodzi, n'kuikwirira m'matope. Inabwerera m'mbuyo ikutsimphina, inaweramitsa mutu, n'kubweranso. Mtengo unalira. Makungwa anathothoka, ndipo mizu ya mbali imodzi inatukula dothi.

Tsopano anakuwa. Zoopa kukalipiridwa zinathera pomwepo. Anakuwa dzina la amayi ake mpaka mawu anasasa.

Jumbo ija inali itaphulika pachifuwa pake pokwera paja, uchi n'kuyenderera m'malaya monse. Njuchi zosowa kwawo zija zinaumva. Inafika imodzi, n'kutera pakhosi. Zinafika zina, pamilomo, m'zala, kuseri kwa khutu. Nyerere za mumtengomo nazo zinayamba kukwera m'miyendo. Njuchi imodzi inamuluma pachikope, diso n'kuyamba kutupa. Sakanatha kuzithamangitsa, chifukwa kuchotsa dzanja limodzi kunali kugwa. Ankangolira, akumva zala zake zikuterereka pang'onopang'ono pakhungwa lonyowa ndi uchi womwe anamana mbalame.

Njati inagundanso kachitatu. Mtengo unapendama, osabwereranso.

Ndi diso limodzi lotsalalo anaona malaya obiriwira pakati pa nsungwi. Anali amayi ake, okha, opanda chipewa, akupuma mwabefu, nkhope itakalidwa ndi minga. Anali atathamanga kutsogolo atamva kukuwa, a Juwawo ndi mfuti yawo n'kutsalira m'mbuyo, poti anayamba atsekera mlendo m'kanyumba kaja. A Nangondo anayang'ana njati, anayang'ana mizu ya mtengo, anacheuka kumbuyo komwe kunalibe munthu. Tinenenji anawaona akuwerengera mumtima, ndipo anaona kuti zomwe apeza sizinawakomere.

Sanakuwe. Analankhula ndi mawu omwe ankatchulira mayina a mbalame.

"Tinenenji. Gwiritsa. Usatsike, ngakhale uone chiyani. Wamva?"

"Amayi, ndikugwa."

"Sukugwa. Kola mwendo pamphandapo. Eya, choncho. Usatsike mpaka a Juwawo akuuze. Ngakhale uone chiyani."

"Ndamva, amayi."

Njati inali itabwereranso m'mbuyo, ikupalasa matope, mutu uli pansi. A Nangondo anatola chikuni n'kumenya nacho nsungwi mwamphamvu, akutuluka poyera.

"Iwe! Kuno! Bwera kuno!"

Chinyama chinatembenuza mutu. Chinayang'ana mtengo, chinayang'ana mayi woima poyera uja, n'kusankha. A Nangondo anathamangira kumbali, kutali ndi mwana, kulunjika pa mkuyu waukulu womwe unali patsidya pa khwawa. Ankathamanga bwino, ndipo njatiyo inali ndi miyendo itatu yokha yabwino. Tinenenji anayamba kukhulupirira kuti afika. Koma m'khwawa munali matope, ndipo phazi limodzi linatitimira.

Anaona zonse. Anaona amayi ake akunyamulidwa m'mwamba ngati mtolo wa zovala, n'kugwera chagada pamiyala. Anaona njati ikutembenuka kuti ibwererenso. Manja ake anayamba kumasuka okha, mwendo unachoka pamphanda, thupi lonse likufuna kutsika kuti athamangire komweko. Pamenepo, kuchokera pamiyala paja, panamveka mawu ang'onoang'ono, ophwanyika.

"Usatsike."

Anabwezera mwendo pamphanda. Tsiku lonse lija, lamulo lomwe analimvera linali limeneli, ndipo kulimvera kwake kunali kukhala mumtengo n'kumaonerera.

Mfuti inalira kawiri, kenako kachitatu. Njati inagwada, n'kugona chammbali pafupi ndi mapazi a a Nangondo. A Juwawo anatulukira m'nsungwi thukuta lili kamukamu, anaima kaye mfuti ili chilozere mpaka atatsimikiza kuti yafa, kenako anathamangira kwa mayiwo. Anaitana anzawo pa wailesi ya m'manja. Atatha m'pamene anabwera pansi pa mtengo.

"Tsika tsopano, mwanawe."

Anachita kumumatula zala chimodzichimodzi.

Anawanyamula a Nangondo pamachira a nsungwi mpaka pamsewu, Tinenenji akutsatira pambuyo, nkhope itatupa moti sakanadziwika. A Makwinja atamuona sanafunse za kamera yawo. Anangokhala pansi m'mbali mwa msewu, chipewa chili m'manja, n'kumanena mobwerezabwereza kuti pakamwa pawo ndi pomwe palakwa. Koma mwanayo ankadziwa kuti bamboyo sanaimbe mluzu, sanamange jumbo, sanayende diso lili mu galasi.

Moyo anapulumuka mayiwo. Anagona m'chipatala mpaka mvula inagwa, chimanga n'kumera, n'kufika m'chiuno. Koma fupa la m'chiuno linali litaphwanyika moti madokotala anangolumikiza zomwe akanatha. Anatuluka ndi ndodo ziwiri za m'khwapa, mwendo umodzi ukukokera pansi, ndipo anauzidwa kuti za mitunda ndi makwawa aiwale.

Anthu ankakangana za mbalame ija. Ena ankati inabwezera dala chifukwa chomanidwa chisa, monga akuluakulu amanenera. Ena ophunzira ankati nsadzu sasunga mangawa, ankangopita ku njuchi zina ndipo njati inapezeka panjira. Ine sindinaifunse mbalameyo. Chomwe ndikudziwa n'choti mwana anauzidwa pachipata, anauzidwanso pamthunzi, anauzidwanso m'kanyumba, ndipo konseko anayankha kuti wamva.

Chomwe chinamupweteka kwambiri Tinenenji n'choti amayi ake sanamukalipire. Ankadikira tsiku lomwe adzamutukwane, kapena kumukwapula ndi ndodo zawo zomwezo, kuti mwina mtima upepuke. Tsikulo silinafike. Akuluakulu a nkhalango anawachitira chifundo n'kuwapatsa mpando pachipata, kuti azilandira alendo ndi kuwalozera kwa woperekeza watsopano, mnyamata wabwino ndithu koma wosokoneza kulira kwa pumbwa ndi kwa mbalame zina.

M'mawa wina, sukulu itatsekanso, Tinenenji anawabweretsera tiyi pachipatapo. Alendo anali atangolowa kumene m'nkhalango, akuoneka misana pakati pa mitengo. Chapatali, kumtunda, kunalira mbalame ina yomwe mwanayo anali asanaimvepo. A Nangondo anatukula mutu, nkhope yonse n'kuwala.

"Imeneyo imabwera kamodzi pachaka," anatero mofulumira. "Akulowera kolakwika anthuwa, ili kumtunda uku. Tiye tikawa..."

Anadzuka ngati kale, osaganiza, ndodo zili pansi. Mwendo unakana. Anagwera pampando, tiyi n'kutayikira m'fumbi. Anayang'ana komwe alendo analowera, mbalame ija ikulirabe kumtunda popanda woiona. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, poganiza kuti mwana sakuwaona.

"Tanditolera ndodozo, mwanangu," anatero. "Undigwire dzanja, ndikakhale kumbuyo kwa nyumba. Kuno kukumveka kwambiri."

Tinenenji anatola ndodo zija, n'kupereka phewa lake kuti atsamire. Anayenda pang'onopang'ono, mayi ndi mwana, kuchoka pomwe mbalame zimamveka.

Ndiye ananu, mukamauzidwa kuti ichi musachite, uko musapite, wakuitanayo musamuyankhe, musamafulumire kunena kuti mwamva. Muziyamba mwamva. Musamati ndikalakwa ndidzapweteka ndine ndemwe, thupi ndi langa. Sizikhala choncho. Mwana wosamva akalowa m'tchire salowa yekha, kumbuyo kwake kumathamanga munthu womukonda, wopanda mfuti, wopanda nthawi yoganiza, ndipo kawirikawiri chilombo chimapeza ameneyo.